Mayeso a mkodzo asanapange opaleshoni ya prostate, ndi ofunikadi?

Mwana Wachisamba:
Moni nonse akuluakulu, pepani ndalowa ndi nkhani yaitali koma ndasowa mtengo wogwira. Bambo anga ali ndi zaka 71, akhala akuvutika pokodza kwa nthawi ndithu, usiku amadzuka kangapo, akapita kukakodza amaima nthawi yaitali kudikira kuti mkodzo uyambe, ukayamba nde umangobwera pang'onopang'ono modukiza, akamaliza akuti amamva kuti wina watsalira mkati. Kuchipatala adokotala anawapima ndi chala kumbuyo kuja nkunena kuti prostate, kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo, yakula, anawatenga magazi oyezera prostate otchedwa PSA, anawapanganso sikani. Ife timati basi chotsatira ndi opaleshoni koma adokotala akuti ayi, akufuna kaye mayeso ena, akuti akakodze m'makina oyeza mphamvu ya mkodzo kenako mwina adzawalowetse timachubu kuti aone mmene chikhodzodzo chikugwirira ntchito. Achimwene anga akwiya nazo, akuti akungotichedwetsa nanga si aona kale kuti chinthucho chakula? Amene mukudziwa za izi chonde tandiuzeni, mayesowa ndi ofunikadi kapena nkungozengereza?

Zonse N'zotheka:
Achimwene anuwo sakunama. Masiku ano ukangolowa m'chipatala ndi mayeso okhaokha, uku magazi uku sikani uku chakuti, munthu ali pa ululu. Prostate yakula, yatseka njira, aichepetse basi, chovuta chili pati apa?

Namwino Wopuma:
Ayi achimwene musafulumire. Kukula kwa prostate ndi kutsekeka kwa njira ya mkodzo ndi zinthu ziwiri, zimayendera limodzi kawirikawiri koma osati nthawi zonse. Bambo aliyense akamakalamba prostate imakula, pofika zaka 60 pafupifupi theka la abambo amakhala nayo yokula, pofika zaka 80 ndi ambiri zedi, koma si onse amavutika pokodza. Ine pa ntchito ndinaonapo madala a prostate yaikulu kwambiri akukodza bwinobwino, ndi ena sikani ikuonetsa yaying'ono koma mkodzo ukukanika. Zimatengera kuti yakulira mbali iti. Pali kagawo kapakati kamene nthawi zina kamatukumukira m'chikhodzodzo momwemo nkukakhala pakhomo pomwe mkodzo umatulukira, kameneko olo kakhale kakang'ono kamazunza munthu. Nde chala cha dokotala ndi sikani zimakuuzani za kukula, sizikuuzani ngati njira yatsekekadi.

Wa ku Urology:
Amayi anena bwino kwambiri. Ine ndionjezere mbali imene mabanja ambiri sauzidwa. Chikhodzodzo si thumba longosunga mkodzo, ndi mnofu, ndipo kuti munthu akodze mnofuwo umayenera kufinya. Tiyerekeze pampu ndi paipi, madzi akamatuluka mofooka mwina paipi yatsekeka, mwinanso pampu ndi yomwe yatha mphamvu, ndipo inu mukaima kumapeto kwa paipi kuyang'ana madziwo simungasiyanitse, zonse zimaoneka chimodzimodzi. Zizindikiro mwatchulazi achemwali, kudikira, kudukiza, kumva kuti watsalira, zimapezeka mbali zonse ziwiri.

Tsono opaleshoni ya prostate, monga TURP ija amalowera ku njira ya mkodzo nkumapala prostate kuchokera mkati, imakonza njira yokha basi, mnofu wa chikhodzodzo siyiukhudza. Ngati vuto lalikulu linali chikhodzodzo chofooka mdalayo apirira zonse, kugona m'chipatala, kutaya magazi, katheta (kachubu kotulutsira mkodzo), kenako nkubwerera kunyumba akukodzabe mmene amakodzera kale, ena mpaka kukhalabe pa katheta. Apa mpomwe banja limayamba kunena kuti dokotala walephera opaleshoni, chonsecho opaleshoniyo inayenda bwino kungoti inakonza chinthu chomwe sichinali vuto lenileni. Dokotala amene akuti dikirani tiyeze kaye sakukuchedwetsani, akufuna adziwe ngati mpeni ungathandize.

Zonse N'zotheka:
Chabwino ndamva, koma nanga anthu onse aja anapangidwa opaleshoni kalekale makina amenewa kulibe, sanachire? Ankolo anga anapangidwa popanda zonsezi ndipo ali bwino mpaka lero.

Wa ku Urology:
Ambiri amachira ndithu chifukwa ambiri amakhaladi otsekeka, ankolo anuwo anali m'gulu limenelo. Ndipo musandimve molakwa, sindikunena kuti bambo aliyense ayenera kulowetsedwa timachubu. Ku England anachita kafukufuku wamkulu dzina lake UPSTREAM, abambo 820, zotsatira zinatuluka mu 2020, anapeza kuti kuyeza aliyense ndi timachubu sikunachepetse chiwerengero cha opita ku opaleshoni, nde mfundo inali yoti mayesowo azichitika posankha, osati kwa wina aliyense. Amene timawasankha ndi omwe pali chikaiko, monga wosakwana zaka 50 kapena wopitirira 80, amene mkodzo wotsalira ukuposa 300 ml, amene akulephera kukodza olo 150 ml pa makina, amene anapangidwapo opaleshoni koma sizinasinthe, amene ali ndi matenda okhudza mitsempha monga sitiroko, Parkinson, kuvulala msana, kapena shuga wa zaka zambiri. @Mwana Wachisamba bambo ali ndi matenda ena aliwonse?

Mwana Wachisamba:
Eee ali ndi shuga, papita zaka zoposa 15 akumwa mankhwala, mapazi amadandaula kuti amachita dzanzi. Koma shuga ndi mkodzo zikugwirizana bwanji, ine ndimadziwa zoti shuga akakwera munthu amakodza pafupipafupi basi.

Namwino Wopuma:
Apo nde mwayankha nokha achemwali. Dzanzi la kumapazilo ndi chizindikiro choti shuga wayamba kuononga mitsempha, ndipo mitsempha yomweyo imafikanso ku chikhodzodzo. Ikaonongeka munthu samva msanga kuti chadzaza, chimafutukuka kwambiri, mnofu umafooka, nde pofinya sichimaliza. Ndikanakhala ine dokotala wa bambo anu nanenso sindikanathamangira mpeni.

Mdala wa 68:
Ine mayeso onse awiriwo ndinadutsamo nde ndikufotokozereni mmene zimakhalira kuti mukawauze bambo anu asaope. Oyamba aja a makina ndi osavuta, palibe chimene amakulowetsa. Amakuuza ubwere chikhodzodzo chitadzaza, osati mpaka kupweteka ayi koma mmene umamvera ukafunadi kukodza. Amakusiya wekha m'kachipinda, muli fanulo ili pamwamba pa kachigubu kolumikizidwa ku kompyuta, iwe ukungokodza mmenemo mmene umachitira kunyumba. Vuto langa linali manyazi, kungodziwa kuti kunja kwa chitseko namwino akudikira mkodzo unayamba wakana kaye kkkk. Anandichenjeza kuti ndisakankhe ndi mimba komanso ndisamasunthesunthe chifukwa zimasokoneza mzere. Ukamaliza kompyuta imatulutsa pepala lokhala ndi mzere, akuti wa munthu wabwinobwino umakwera msanga nkutsika msanga, wanga unali wogona pansi, wautali, wodukaduka. Nditangotuluka anandigoneka nkuyika kamakina ka sikani pansi pa mchombo kuti aone watsala wochuluka bwanji.

Achiwiri aja ndi omwe anthu amaopa koma kunena zoona manyazi ndi omwe amachuluka kuposa ululu. Amapaka mankhwala oterera ochititsa dzanzi, nkulowetsa kachubu kowonda kwambiri ku njira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo, kowonda kuposa katheta wamba uja, kenako kena kokhala ndi kabaluni amakalowetsa pang'ono kumbuyo kotulukira chimbudzi. Ine apa ndinafunsa kuti nanga uku kwalakwa chani, namwino anaseka nkunena kuti kameneko kamayeza mphamvu ya m'mimba kuti adziwe ngati ndikukankha ndi mimba kapena ndi chikhodzodzo chenicheni chikufinya. Ndiye amayamba kudzaza chikhodzodzo ndi madzi pang'onopang'ono, akukufunsa, mwayamba kumva? tsopano mukufuna kukodza? mungapirirebe? pena amati tsokomolani. Ukati basi sindingathenso amakuuza ukodze mu fanulo muja timachubu tili momwemo. Zonse sizinafike ola. Pambuyo pake mkodzo umawotcha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri, anandiuza ndizimwa madzi ambiri ndipo ndikatentha thupi ndibwerere msanga.

Kamnyamata:
Agogo mwapirira kkkkk ine kachubu kakumbuyoko nde ndingathawe pa bedi

Mdala wa 68:
Dikira ufike zaka zanga mdzukulu, ukadzaima pa chimbudzi usiku pakati mkodzo ukukana, kachubu kameneko udzakapempha wekha.

Wa ku Urology:
Bambo mwafotokoza bwino kuposa mmene ife timafotokozera odwala. Ndiike manambala pa zomwe mwanenazo kuti amene ali ndi mapepala kunyumba athe kuwawerenga. Pa mayeso oyamba aja, uroflowmetry, nambala yomwe timayang'ana kwambiri imalembedwa Qmax, ndiko kuthamanga kwa mkodzo pomwe unafika pachimake, mamililita pa sekondi. Ikaposa 15 nthawi zambiri njira siinatsekeke kwenikweni, ikatsika pansi pa 10 mpata woti yatsekeka ndi waukulu, pakati pa 10 ndi 15 mpokaikitsa. Koma nambalayi timaikhulupirira ngati munthu wakodza 150 ml kapena kuposa, akakodza tochepa mkodzo umathamanga mofooka olo kwa mnyamata wabwinobwino, nchifukwa chake nthawi zina timabwereza kawiri katatu. Ndipo Qmax yotsika imangokuuzani kuti pali vuto, siikuuzani kuti vutolo ndi njira kapena chikhodzodzo.

Mayeso a timachubu ndi omwe amasiyanitsa. Kompyuta imatenga presha ya m'chikhodzodzo nkuchotsapo presha ya m'mimba, yotsalayo ndi mphamvu ya mnofu wa chikhodzodzo pawokha. Ndiye timatenga presha imeneyo pa nthawi yomwe mkodzo umathamanga kwambiri nkuchotsapo Qmax yochulukitsidwa kawiri. Yankho likaposa 40 njira yatsekeka, likakhala pansi pa 20 siinatsekeke, pakatipo nzokaikitsa. Kawerengedwe kameneka kanachokera ku ntchito ya Paul Abrams ndi Derek Griffiths ya mu 1979 ndipo mpaka lero ndi komwe timagwiritsa ntchito. Chitsanzo, abambo awiri onse Qmax yawo ndi 7. Woyamba presha 70, nde 70 kuchotsa 14 ndi 56, ameneyu chikhodzodzo chake chikufinya mwamphamvu koma khomo ndi lotseka, opaleshoni imuthandiza kwambiri. Wachiwiri presha 25, kuchotsa 14 kwatsala 11, khomo lili bwino koma chikhodzodzo chilibe mphamvu, kumupala prostate phindu lake lingakhale lochepa. Onse awiri akabwera ku chipatala amadandaula mawu amodzimodzi ndipo pepala la makina oyamba aja limafanana.

Mwana Wachisamba:
Iiii nde zikumveka tsopano. Ndayang'ana m'buku lawo la kuchipatala, pa sikani ija analemba kuti residual 320 ml, ndiye ameneyo ndi mkodzo wotsalira uja eti? Palinso pepala la mafunso lomwe anayankha, pansi analemba IPSS 22.

Wa ku Urology:
Eya ndi womwewo. Munthu wabwinobwino akakodza amatsala ndi wochepa, kawirikawiri osafika 50 ml. 320 ndi wambiri ndithu, ngakhale nambala imeneyi imasinthasintha tsiku ndi tsiku nde mpofunika kuibwereza. IPSS ndi mafunso 7, lililonse limapatsidwa 0 mpaka 5, zonse pamodzi 35. Kuyambira 0 mpaka 7 vuto ndi lochepa, 8 mpaka 19 lapakati, 20 kupita m'mwamba lalikulu, nde 22 ikutanthauza kuti bambo akuvutikadi, koma mafunsowo amayeza kuvutika kwa munthu, sayeza kutsekeka. Zaka 71, shuga wa nthawi yaitali, dzanzi, wotsalira woposa 300, ameneyu ndi munthu weniweni amene mayeso a timachubu amamuyenera. Koma funso langa lalikulu ndi ili, magazi a impso anawayeza? Yang'anani pomwe palembedwa creatinine kapena eGFR, komanso ngati sikani ija inafika ku impso.

Mayi a Mapasa:
Pepani ndilowepo apa chifukwa nkhani ya impsoyi ndi yomwe inatigwera ife. Amuna anga sankadandaula kwenikweni, ululu analibe, ankakodza pafupipafupi tochepatochepa basi ndipo ankati ndi ukalamba. Chomwe chinayamba kundidabwitsa nchoti munthu wamkulu anayamba kunyowetsa pogona usiku ali mtulo, iwo manyazi, ine ndikuchapa zofunda mwakachetechete osauza munthu, lamba wa buluku anayamba kuthina m'munsi mwa mchombo, chakudya osachifuna, kufooka, nseru. Tsiku lomwe tinapita kuchipatala dokotala anangogwira pamimba nkunena kuti ichi ndi chikhodzodzo chafika pafupi ndi mchombo. Atawaika katheta munatuluka mkodzo woposa lita imodzi pomwe iwo anali atangochokera kukakodza, sikani inaonetsa impso zonse ziwiri zitatupa, magazi a impso anali oipa. Anawagoneka chifukwa katheta atalowa mkodzo unangopitiriza kutuluka wambirimbiri usana ndi usiku, anamwino amayeza thumba lija pafupipafupi nkumawapatsa madzi a dripi. Impso zinabwerera koma osati zonse. Nde amayi anzanga amuna anu akayamba kukodza pogona musabise ngati mmene zimakhalira m'mabanja ambiri, si ukalamba umenewo.

Namwino Wopuma:
Pepani amayi, koma zikomo poti mwanena poyera. Anthu amaopa kwambiri tsiku lija mkodzo umatsekeka mwadzidzidzi, munthu akubuula, thukuta, kugudubuzika, koma ameneyo amathamangira kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa ululu sumulola kukhala, amuika katheta wapulumuka. Woopsa ndi wosapwetekayu.

Wa ku Urology:
Ndithu. Chimene chinachitika kwa bambo a mapasa ndi ichi, njira ikatsekeka kwa zaka chikhodzodzo chimalimbana nayo, mnofu umakhuthala, chimaleka kufutukuka bwino, nde presha mkatimo imakhala yokwera nthawi zonse olo munthu asakukodza. Impso zimatsitsa mkodzo kudzera mu timachubu tiwiri tolowa m'chikhodzodzo, tsono pansi pakakhala presha yaikulu mkodzo umalephera kutsika, umadikha m'mwamba, impso zimatupa nkuyamba kuonongeka mwakachetechete. Kukodza pogona kuja ndi chikhodzodzo chodzaza mopitirira chikungosefukira. Munthu wotere sitiyamba ndi kumuyeza Qmax kapena timachubu ayi, timaika katheta kaye kuti impso zipume, mayeso ena amabwera pambuyo. Ndipo kutuluka kwa mkodzo wambiri pambuyo pa katheta kuja kumayembekezeka, thupi limataya madzi ndi mchere zomwe linasunga, nchifukwa chake samamutumiza kunyumba tsiku lomwelo, amatha kuuma thupi BP nkutsika.

Mavuto ena obwera ndi mkodzo wotsalira ndi matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza chifukwa tizilombo timaswana mu mkodzo wodikha, miyala m'chikhodzodzo, timatumba totuluka m'khoma la chikhodzodzo tomwe timasunganso mkodzo, ndi magazi mu mkodzo. Zimenezi zikaoneka nkhani imasintha, sitikambanso zoti bambo akupirira kapena ayi, timayamba kukamba za opaleshoni olo iwo akuti ndili bwino. Magazi mu mkodzo okha musamangoti ndi prostate, pamafunika kuyang'ana m'chikhodzodzo ndi kamera chifukwa khansa ya chikhodzodzo nayo imayamba choncho.

Mwana Wachisamba:
Creatinine ndaipeza, pambali pake analemba normal, ndipo pa sikani akuti kidneys normal. Mtima wakhalako pansi. PSA yawo ndi 5.8, achimwene anga anawerenga pa intaneti kuti ikaposa 4 ndi khansa, izi ndi zomwe zawapangitsa kuti azikakamira opaleshoni msanga.

Wa ku Urology:
Auzeni achimwene kuti PSA siyeza khansa yokha. Imakwera prostate ikakula, ikatupa ndi matenda, mkodzo ukatsekeka, olo munthu akangoikidwa katheta. Kwa bambo wa zaka 71 wa prostate yokula 5.8 siyodabwitsa kwambiri, koma siyoinyalanyazanso, dokotala aiphatikiza ndi zomwe anamva ndi chala nkuona ngati pakufunika kubwereza kapena kupanga sikani ina yotchedwa MRI. Chinanso chofunika achimwenewo adziwe, TURP si opaleshoni ya khansa. Imachotsa zamkati zomwe zikutseka njira, chigoba chakunja chimatsala, ndipo khansa ya prostate nthawi zambiri imayambira chakunjako. Nde kuthamangira TURP poopa khansa sikuthetsa nkhawa imeneyo.

Zonse N'zotheka:
Apa nde mwandigwira pakamwa, ine ndimaganiza kuti akapala basi nkhani ya khansa yatha. Koma ndifunseko zanga, ine vuto langa ndi kudzuka usiku kokha, masana ndimakodza bwinobwino mwamphamvu, nanenso ndi prostate?

Namwino Wopuma:
Mwina, mwinanso ayi. Pangani mayeso osavuta awa kunyumba kwa masiku atatu, pezani jagi yokhala ndi manambala, nthawi iliyonse mukakodza lembani nthawi ndi kuchuluka kwake, lembaninso zomwe mwamwa ndi nthawi yogona ndi yodzuka. Anthu amaipeputsa koma pepala limeneli limaulula zambiri kuposa sikani. Mukaona kuti usiku mukukodza wambiri nthawi iliyonse, ndipo mukaphatikiza wa usiku pamodzi ndi woyamba wa m'mawa ukuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mkodzo wa tsiku lonse, ndiye kuti vuto si njira, thupi lanu likupanga mkodzo wambiri usiku. Zimachitika kwa omwe miyendo imatupa masana madzi aja nkubwerera m'magazi akagona, a vuto la mtima, a shuga wokwera, omwe amaliza nkonono kwambiri mpaka kubanika mtulo, omwe amamwa mapiritsi okodzetsa a BP madzulo, ndi omwe amamwa zambiri akamakagona, mowa makamaka. Wotereyo olo mumupale prostate yonse azidzukabe. Koma ngati mukudzuka pafupipafupi nkumakodza tochepa, apo nde tiyang'ane chikhodzodzo ndi prostate.

Zonse N'zotheka:
Za nkononozo akazi anga akaona uthengawu ndatha ine. Ndiyesa za jagizo.

Dalaivala 42:
Ine ndakhala ndikungowerenga. Ndili ndi zaka 42 koma mkodzo wanga ndi wowonda, pena umagawika pawiri, ndimatenga nthawi yaitali. Wina anandipatsa mapiritsi a prostate a bambo ake sanandithandize. Pa zaka zanga zingakhale prostate?

Wa ku Urology:
Pa 42 prostate yokula mpaka kutseka njira siichitikachitika achimwene, choyamba chomwe ndingaganizire ndi chipsera mkati mwa njira ya mkodzo chomwe chaichepetsa. Chimabwera ngati munadwalapo chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana, ngati munavulalapo pakati pa miyendo kapena m'chiuno, kapena munaikidwapo katheta, ndipo chimatha kuonekera patapita zaka zambiri. Pa makina aja chimakhala ndi mzere wakewake, umakwera pang'ono nkungoyenda mowongoka osakweranso mpaka kumapeto, ukangouona umadziwa. Amatsimikiza ndi X-ray yothira mankhwala m'njiramo kapena kamera. Mapiritsi a prostate sachita kanthu pa chipsera, ndipo siyani kumwa mankhwala a eni ake, ena mwa iwo amatsitsa BP, munthu woyendetsa galimoto chizungulire si chabwino.

Mdala wa 68:
Chizungulire chimenecho ndi choona, mapiritsi a prostate otchedwa tamsulosin atangondiyambitsa ndikadzuka mofulumira dziko limazungulira. Koma anandithandiza msanga, pasanathe sabata mkodzo unali utasintha. Enawo a finasteride ndi omwe amafuna kudekha, anandiuza kuti ndidikire miyezi 6 ndisanaweruze.

Wa ku Urology:
Zoona, amagwira ntchito mosiyana. Tamsulosin amamasula minofu ya pakhomo la chikhodzodzo ndi m'prostate nde zotsatira zimabwera m'masiku ochepa koma saichepetsa, ndipo ena amaona umuna ukutuluka wochepa kapena osatuluka, musadabwe nazo. Finasteride amaichepetsa pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, ndipo amachepetsa mpata woti mkodzo udzatsekeke mwadzidzidzi. Koma dziwani kuti amatsitsa PSA ndi theka, nde mukamayezetsa muziwauza kuti mukumwa, apo ayi nambala ioneka yabwino pomwe siili choncho. Komanso amene mukumwa tamsulosin mukamakapanga opaleshoni ya ng'ala uzani dokotala wa maso pasadakhale, mankhwalawa amafewetsa kagawo ka m'diso ndipo opaleshoni imavutirapo ngati sanakonzekere.

Mwana Wachisamba:
Zikomo nonse ndawatumizira achimwene zonsezi. Tsono pamene tikudikira tsiku la mayesolo pali zoti bambo azipewa? Ndikuopa kuti mkodzo ungadzatsekeke tili pa mzere.

Namwino Wopuma:
Zilipo. Asamwe mwachisawawa mankhwala a chimfine aja otsegula mphuno okhala ndi pseudoephedrine, ndi aja a ziwengo ogonetsa, ambiri mkodzo umawatsekekera pomwepo. Amitriptyline nayenso, ndipo poti mwati mapazi amachita dzanzi yang'anani bwino ngati sanawapatse chifukwa anthu a shuga amapatsidwa kawirikawiri, ngati akumwa musawasiyitse nokha koma kauzeni dokotala. Asadzimbidwe, asasunge mkodzo nthawi yaitali monga pa ulendo, mowa achepetse. Akakodza adikire pang'ono nkuyesanso kachiwiri, zimathandiza kuchepetsa wotsalira. Akangolephera kukodza pansi pa mchombo pakupweteka, kapena akatentha thupi ndi kunjenjemera, kapena akayamba kunyowetsa pogona ngati ananenera amayi a mapasa, musadikire tsiku la mayeso pitani pompo.

Mwana Wachisamba:
Amitriptyline akumwadi!! kamodzi usiku, anawapatsa ku kiliniki ya shuga. Dokotala wa prostate sindikudziwa ngati anauzidwa.

Wa ku Urology:
Nde tengani mankhwala onse omwe akumwa m'mapaketi ake mukawaonetse mayeso asanachitike, chifukwa amitriptyline payekha amatha kufooketsa kufinya kwa chikhodzodzo nkukweza mkodzo wotsalira uja, mwina dokotala angafune kuwasinthira ena kaye nkubwereza sikani asanalowetse timachubu. Muwauzenso ngati akumwa ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo mkodzo ayeze kaye ngati mulibe matenda chifukwa timachubu sitilowetsa munthu ali ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Dalaivala 42:
Adokotala nanga X-ray mwanenayo imapweteka? ndipo chipseracho akachipeza amachita kung'amba kapena pali mankhwala?

Wa ku Urology:
Imangosowetsa mtendere kwa mphindi zochepa pomwe akuthira mankhwalawo, si ululu woti nkuuopa. Mankhwala akumwa osungunula chipsera kulibe. Chikakhala chachifupi amachikulitsa kapena kuchicheka kuchokera mkati ndi kamera, vuto lake chimakonda kubwerera, chikakhala chachitali kapena chabwerera amapanga opaleshoni yokonza njirayo yomwe zotsatira zake zimakhalitsa. Yambani ndi makina a fanulo aja kaye, mukapeza pepala lake litumizeni pano tilione limodzi.